Nsagwada kuwawa, litsipa, m'mimba kulira: kodi si chingamu?

Kuno ku Mzuzu chingamu sichisowa. Chili pa okala aliyense ku Chibavi ndi ku Zolozolo, anyamata amayenda nacho pa depoti, ndipo wagolosale akasowa chenje nthawi zina amakupatsa chomwecho. Ochitafuna ali ndi zifukwa zawo. Dalaivala wa usiku akuthamangitsa tulo podutsa ku Chikangawa, wophunzira wa pa Mzuni akukonzekera mayeso, wina akubisa fungo la fodya kapena mowa, wina akunyengerera njala kuti afike madzulo. Poti n'chotchipa komanso sitichiika m'gulu la zakudya, munthu akayamba kumva zachilendo m'thupi sachiganizira n'komwe.

Ife ogwira ntchito m'masitolo a mankhwala timamva madandaulo omwewomwewo. "Achimwene, ndipatseniko Brufen, nsagwada zikundiphwanya." "Amayi, muli ndi Flagyl? M'mimbamu mukungolira." Ukafunsitsa umapeza kuti munthuyo amatafuna kuyambira m'mawa mpaka pogona. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu akuthera ndalama pa mapiritsi pomwe vuto likanatha atangosiya chingamu kwa milungu iwiri. Koma chimene chimandiopsa kwambiri ndi munthu wonamizira chingamu pomwe ali ndi matenda ofunika dokotala. N'chifukwa chake pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi zomwe zimachitika kawirikawiri, n'kumalizira ndi pomwe muyenera kuleka kudzithandiza nokha.

## Yambani ndi zitatu izi

Werengani. Kwa tsiku limodzi musataye timapepala tokulungira chingamu. Tisungeni m'thumba, madzulo mutiwerenge. Ambiri amene amati "ndimangotafuna pang'ono" amadabwa nato. Onaninso kuti chimodzi chimakhala m'kamwa nthawi yaitali bwanji, chifukwa wotafuna chimodzi kwa maola atatu watopetsa nsagwada kuposa wotafuna zitatu kwa mphindi khumikhumi.

Dziwani mtundu wake. Chilipo cha shuga, monga chopopa chija ana amakonda, ndipo chilipo cholembedwa kuti "sugar free". Tembenuzani paketi muyang'ane mayina awa a zotsekemeretsa zolowa m'malo mwa shuga: sorbitol, mannitol, xylitol, maltitol, isomalt. Nthawi zina amangolemba manambala ake: E420, E421, E967, E965, E953. Cha shuga chimalimbana ndi mano, chopanda shuga chimalimbana ndi m'mimba, ndipo zonse ziwiri zimatopetsa nsagwada.

Siyani kwa masiku 14, osasintha china chilichonse. Vuto likachepa kapena kutha, n'kubwereranso mukayambiranso kutafuna, ndiye kuti mwachigwira. Likapitirira momwemo, chingamu chilibe mlandu ndipo musatayenso nthawi. Kuyesa kumeneku n'kwa munthu amene alibe zizindikiro zoopsa zomwe ndazitchula m'munsimu. Amene ali nazo asadikire masiku 14.

## Nsagwada zikuwawa, zikulira kapena zikuuma

Chingamu sichisungunuka m'kamwa. Kale ankachipanga ndi chicle, utomoni wa mtengo wa sapodilla wa ku Mexico ndi ku Central America, koma lero chambiri chimapangidwa ndi mphira ndi pulasitiki za m'fakitale, monga polyvinyl acetate. Nyama, ngakhale ilimbe bwanji, imafika pomezedwa nsagwada n'kupuma. Chingamu chilibe pothera.

Ululu wake umamveka kutsogolo kwa khutu, pomwe nsagwada ya m'munsi imalumikizana ndi chigaza, kapena m'masaya. Ena amayesa ndi khutu mpaka kudonthezamo mankhwala.

1. Kutafuna nthawi yaitali. Minofu yatopa basi, ngati miyendo ya wakabaza amene wakhala akukwera mitunda ya ku Masasa tsiku lonse. M'mawa mumadzuka bwino, ululu umakula madzulo.
2. Kutafunira mbali imodzi. Kawirikawiri mbali inayo kumakhala dzino lobooka kapena lozulidwa, ndipo munthu amalizemba osadziwa. Tafunani muone komwe chingamu chikuthawira. Apa chofunika kukonza ndi dzinolo.
3. Kukukuta kapena kulumanitsa mano. Kumachitika m'tulo, kapena masana munthu akakhala ndi nkhawa. Ululu wake umakula m'mawa podzuka. Funsani amene mumagona naye chipinda chimodzi ngati amamva mano akulira usiku. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, okwera njinga zamoto m'mamawa amalumanitsa mano ulendo wonse, kenaka n'kuwonjezerapo chingamu.
4. Dzino la kumapeto lomwe likumera movutikira, kapena dzino lochita mafinya. Mano a kumapetowa amatuluka munthu ali ndi zaka za pakati pa 17 ndi 25. Nkhama za kumbuyo zimatupa, ndipo pena pamatuluka fungo.
5. Vuto la mfundo yeniyeniyo, chifukwa cha ngozi, kumenyedwa kapena nyamakazi.

Kudziyeza kwake n'kosavuta. Ikani zala kutsogolo kwa makutu onse awiri, mutsegule ndi kutseka pakamwa pang'onopang'ono, mumve mbali yomwe ikuwawa kapena kudumpha. Kenaka sanjikizani zala zitatu, chamkombaphala, chapakati ndi chotsatira, muziike choimika pakati pa mano a kutsogolo. Kwa anthu ambiri zimalowa popanda ululu. Ngati zikulowa ziwiri zokha movutikira, nsagwada zauma. Kulira kokha kopanda ululu si koopsa, anthu ambiri ali nako.

Chochita: siyani chingamu, ndipo kwa milungu iwiri pewani nzimbe, chimanga chokazinga, kanyenya wolimba ndi kutsegula mabotolo ndi mano. Idyani zofewa monga phala, mbatata yophika, nthochi ndi nsomba. Thowani ndi kansalu koviika m'madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15, m'mawa ndi madzulo. Poyasamula gwirizizani chibwano ndi dzanja. Mukakhala phee, milomo igundane koma mano asagundane. Panado amathandiza. Brufen amathandizanso, koma si wa aliyense: amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, mphumu, kapena mayi woyembekezera asamwe asanafunse achipatala.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati:
- pakamwa pakanika kutseka kapena kutsegula. Musakakamize ndipo wina asakukokeni nsagwada
- tsaya kapena kunsi kwa chibwano kwatupa, thupi likutentha, kapena kumeza kukuvuta
- nsagwada zauma patapita masiku mutalasidwa ndi msomali kapena chinthu china chakuda, chifukwa kameneko kangakhale kafumbata
- ululu wa nsagwada wabwera pamodzi ndi kuphwanya pachifuwa, thukuta ndi befu, chifukwa mtima ukamadwala ululu umatha kukwera mpaka kunsagwada

Mwana akatupa kunsi kwa makutu ndipo thupi likutentha, ganizirani matsagwidi, osati chingamu.

## Litsipa lobwerabwera

Ikani zala m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, mulumanitse mano. Mumva mnofu ukutukumuka. Mnofu umenewo ndi umodzi mwa yotafunira, ndipo ukatopa mutu umamveka ngati wamangidwa mbali zonse ziwiri.

Pa chipatala cha Meir ku Israel, dokotala Nathan Watemberg ndi anzake anatsatira ana ndi achinyamata 30 odwala mutu pafupipafupi amene ankatafuna chingamu tsiku ndi tsiku. Atasiya kwa mwezi umodzi, 26 anapeza bwino, ndipo mwa iwo 19 mutu unasiyiratu. Amene anavomera kuyambiranso, 20, mutu unabwerera. Zotsatirazi zinatuluka mu 2014. Gululo linali lochepa, koma kuyesa kwake sikulira ndalama, choncho makolo a ana amene akuwerengera mayeso a MSCE chingamu chili m'kamwa angayambire pamenepa.

Ngati thupi silikutentha, fufuzani motere:

1. Kutopa kwa minofu yotafunira ndi ya khosi. Mutu umayamba masana n'kumakula. Mukadina m'mbali mwa mutu kapena m'masaya pamawawa.
2. Njala, ludzu ndi kusagona. Chingamu chimanyowetsa m'kamwa, munthu n'kuiwala kumwa madzi, makamaka kukazizira. Yang'anani mkodzo: ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa.
3. Kuchulutsa mapiritsi opha ululu. Kumwa Panado kapena Brufen masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi kumatha kuyambitsa mutu womwe mukufuna kuchizawo.
4. Maso ofunika magalasi. Mutu umabwera powerenga kapena poyang'ana foni.
5. BP. Siimveka nthawi zambiri, ndipo njira yodziwira ndi kuyezetsa basi. Kuyeza kwake sikutenga mphindi zisanu.

Musayese za chingamu, thamangani kuchipatala ngati mutu wabwera ndi kutentha thupi, chifukwa malungo sadikira, khosi lauma, mutu wagwa mwadzidzidzi ndi ululu womwe simunaumvepo, nkhope yapotoka, mkono wafooka kapena lilime likulemera, mukusanza kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, munavulala m'mutu posachedwa, kapena ndinu woyembekezera ndipo mapazi ndi nkhope zatupa.

## M'mimba kutupa, kulira ndi kutsegula

Apa ndi pomwe anthu amasocherera kwambiri, chifukwa amene amavutika ndi omwe anasankha chingamu chopanda shuga pofuna kusamala thanzi lawo.

1. Kumeza mpweya. Potafuna timameza malovu pafupipafupi, ndipo mpweya umalowera limodzi. Zotsatira zake ndi kugeyageya ndi mimba yodzadza ngakhale simunadye zambiri. Wotafuna pakamwa pali yasa, kapena uku akulankhula, amameza wochuluka. Zakumwa za gasi zimawonjezera.
2. Sorbitol ndi anzake. Matumbo athu satenga bwino zotsekemeretsa zimenezi. Zimadutsa mpaka m'matumbo aakulu, zikukoka madzi m'njira, ndipo zikafika kumeneko tizilombo tokhala m'matumbo timazidya n'kutulutsa mpweya. Ndiye kulira kuja, kupotokola, ndi chimbudzi cha madzi. Chidutswa chimodzi chachitali chimakhala ndi sorbitol woposa pang'ono galamu imodzi. Magalamu 5 mpaka 20 pa tsiku amatha kutupitsa mimba, ndipo kupitirira 20 ambiri amatsegula m'mimba. Ana ndi anthu a m'mimba mosachedwa kusokonezeka amavutika ndi wochepa kuposa pamenepa. Maswiti opanda shuga ndi mankhwala ena a madzi a chifuwa alinso ndi sorbitol, choncho muwerengere pamodzi. Ndiye chifukwa chake pa mapaketi ena pamalembedwa chenjezo lokhala ndi mawu akuti "laxative effects", kutanthauza kuti chingatsegule m'mimba.
3. Chilungulira. Kwa ena, kutafuna akatha kudya kumachepetsa chilungulira chifukwa malovu amatsuka kum'mero. Kwa ena chingamu cha mint chimachikulitsa, chifukwa mint amafewetsa mnofu wotseka khomo la chifu. Sinthani mtundu muone.
4. Zosakhudzana ndi chingamu: madzi osatetezedwa, chakudya chogona, mkaka kwa amene sawayanja, njoka za m'mimba, kapena mankhwala ena monga metformin wa matenda a shuga.

Kuti muone kuti nkhani ya sorbitol si yamasewera, mu 2008 madokotala a ku Berlin analemba m'magazini ya zachipatala ya BMJ za odwala awiri. Mtsikana wa zaka 21 anatsegula m'mimba kwa miyezi 8 n'kutsika ndi makilogalamu 11. Bambo wa zaka 46 anatsika ndi makilogalamu 22 m'chaka chimodzi. Anawayeza zambirimbiri osapeza kanthu, mpaka atawafunsa zimene amadya. Mtsikanayo ankalandira magalamu 18 mpaka 20 a sorbitol pa tsiku kuchokera m'chingamu, ndipo bamboyo ankatafuna zidutswa 20 kuphatikizapo maswiti ambiri opanda shuga. Atasiya, kutsegulako kunatha ndipo thupi linayamba kubwerera.

Kuzindikira kwake: kutsegula kwa sorbitol sikubwera ndi kutentha thupi kapena magazi, kumakula masiku omwe mwatafuna kwambiri, ndipo mukasiya kumatha pa masiku awiri kapena atatu. Pa vuto limeneli Flagyl alibe ntchito, popeza palibe kachilombo koti aphe. Kumwa mankhwala otere mwachisawawa kumangochititsa kuti adzakanike kugwira ntchito tsiku lomwe mudzawafunedi. Imwani madzi okwanira, ndipo ngati mwapita kuchimbudzi kangapo sungunulani Thanzi ORS.

Ndinene mosabisa: kuno kwathu munthu amene akutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali uku akuwonda asayambe ndi kuloza chingamu. Akayezetse HIV, chifuwa chachikulu ndi shuga, ndipo akawauze adokotala kuchuluka kwa chingamu chomwe amatafuna. Zonsezo zifufuzidwe limodzi.

Pitani kuchipatala msanga ngati:
- chimbudzi chili cha madzi oyera ngati otsukira mpunga ndipo chikubwera motsatizana. Tonse tikukumbukira kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anavuta kwambiri ku Nkhata Bay kufupi ndi kuno. Yambani kumwa ORS muli m'njira
- muli magazi, kapena chimbudzi n'chakuda bii
- thupi likutentha, mukusanza chilichonse, maso alowa, kapena mkodzo wasiya kubwera
- wodwalayo ndi mwana wamng'ono, nkhalamba kapena mayi woyembekezera
- mwasiya chingamu koma patha sabata osasintha

## Mano akunyerenyetsa kapena akubooka

1. Shuga wa m'chingamu. Tizilombo ta pa mano timasandutsa shuga kukhala asidi, ndipo asidiyo amadya chikuto cholimba cha dzino. Choopsa si kuchuluka kwa shuga kokha koma kubwerezabwereza. Mwana wolavula chingamu chikangosukuluka n'kutenga china amasambitsa mano ake mu shuga tsiku lonse, malovu osapeza mpata wokonza. Yang'anani timadontho toyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama, kapena takuda m'mikwasa ya mano otafunira.
2. Chingamu chowawasa cha fungo la zipatso. Ngakhale chikhale chopanda shuga, chambiri chimakhala ndi citric acid kapena malic acid, amene amaperepesa mano. Mano amanyerenyetsa mukamwa madzi ozizira, kapena mpweya wa m'mawa ukawomba.
3. Dzino lomatidwa lomwe chomatira chake chagwedera, kapena dzino long'aluka. Ululu wake ndi wobaya pamene mwaluma kapena mwamasula. Chingamu chimatha kuzula chomatira chomwe chinali kale chogwedera. Chimakakamiranso ku mano oikirira ndi ku mawaya owongolera mano.
4. Nkhama zosendeka, muzu wa dzino n'kukhala pamtunda. Nthawi zambiri zimachokera ku matenda a nkhama kapena kukwecha mwamphamvu ndi mswachi wolimba.

Pa mano, chingamu chopanda shuga chili ndi ubwino wake weniweni. Kutafuna kumachulukitsa malovu, ndipo malovu amatsuka zotsalira, amachepetsa mphamvu ya asidi, n'kubwezeretsa calcium pa dzino. Bungwe la madokotala a mano la ku America, American Dental Association, limavomereza kutafuna chopanda shuga kwa mphindi 20 mukatha kudya. Tizilombo tobowola mano sititha kudya xylitol. Koma chingamu sichilowa m'malo mwa mswachi. Tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndipo mukalavula musachukuche ndi madzi ambiri.

Musaike aspirin, mafuta a mabuleki, madzi a batire kapena fodya pa dzino lowawa. Zimawotcha nkhama, dzino lili chibookere. Musatsekenso bowo ndi chingamu.

Onanani ndi dokotala wa mano ngati dzino likukudzutsani usiku, ululu ukupitirira mutamwa chotentha kapena chozizira, pa nkhama patuluka kachithupsa, kapena chomatira chagwa. Bowo likadali laling'ono limamatika, koma mukachedwa chotsala ndi kuzula. Mukhoza kuyambira pa Mapale kapena chipatala chomwe muli nacho pafupi, akakuonani adzakutumizani ku Mzuzu Central Hospital ngati pakufunika kutero.

## Fungo la m'kamwa likubwerera chingamu chikangosukuluka

Chingamu chimaphimba fungo kwa kanthawi, sichichotsa gwero lake. Cha shuga chimadyetsanso tizilombo toyambitsa mavuto m'kamwa.

1. Litsiro la pa lilime, makamaka kumbuyo. Palani pang'ono ndi supuni yoyera, mudikire iume, mununkhize. Tsukani lilime ndi mswachi tsiku lililonse.
2. Matenda a nkhama. Mukaona magazi pa mswachi kapena pa chimanga chomwe mwaluma, ndi chizindikiro chake. Musasiye kutsuka chifukwa cha magaziwo, koma kachotsetseni litsiro louma kwa dokotala wa mano.
3. Dzino lobooka losunga zakudya.
4. M'kamwa mouma. Kusamwa madzi, kupumira pakamwa, fodya, mowa, ndi mankhwala monga Piriton, amitriptyline ndi ena a BP okodzetsa. Apa chingamu chopanda shuga chimathandizadi. Musasiye mankhwala omwe analemba adokotala, kawauzeni za kuumako.
5. Zilonda za pakhosi kapena chimfine chosatha.

M'kamwa mukamauma pamodzi ndi ludzu losatha, kukodzakodza usiku ndi kuwonda, kayezetseni shuga sabata yomweyo. Fungo la mowa ndiye musalimbane nalo n'komwe: limachokera m'mapapo, ndipo chingamu sichichepetsa mowa womwe uli m'magazi. Amene wamwa asagwire chiwongolero.

## Zilonda kapena kutentha m'kamwa

Kawirikawiri munthu amakhala kuti wadziluma tsaya kapena lilime potafuna mothamanga. Chachiwiri ndi thupi kusagwirizana ndi zonunkhiritsa, makamaka sinamoni: mbali yomwe chingamu chimakhala imafiira, kutentha kapena kusupuka. Siyani, muzichukucha ndi madzi ofunda a mchere pang'ono, ndipo pakutha pa sabata kapena ziwiri pamapola.

Chilonda chomwe chatha milungu itatu osapola, chigamba choyera kapena chofiira chosachoka, kapena zoyera ngati mkaka wogona pa lilime ndi m'masaya, zimafunika achipatala, makamaka kwa osuta ndi omwa mowa. Milomo, lilime kapena nkhope zikatupa mwadzidzidzi ndipo kupuma kukuvuta, imeneyo ndi ngozi, thamangani.

## Mwana wameza chingamu

Zoti chimakhala m'mimba zaka 7, kapena kuti chimamata matumbo, si zoona. Thupi siligaya mphira wake, koma chimayenda ndi zakudya zina n'kutuluka ndi chimbudzi pakapita masiku ochepa. Chimodzi chomezedwa mwangozi sichifuna mankhwala otsegula m'mimba kapena kumusanzitsa mwana. Vuto limabwera mwa apo ndi apo kwa ana amene amameza zambiri tsiku ndi tsiku, makamaka pamodzi ndi zinthu ngati ndalama zachitsulo, chifukwa zimatha kuumbana n'kutseka njira. Mwana wotere akasiya kuchita chimbudzi, mimba ikatupa ndipo akusanza, mutengereni kuchipatala.

Choopsa chenicheni ndi kutsamwa. Mwana wosakwana zaka 5 asapatsidwe chingamu, ndipo wamkulupo asathamange, kusewera mpira kapena kugona nacho m'kamwa.

- Ngati akutsokomola mwamphamvu, musiyeni atsokomole.
- Ngati sakutulutsa mawu kapena milomo ikuda, muweramitseni mum'menye ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa.
- Chikapanda kutuluka, imani kumbuyo kwake, ikani chibakera pamwamba pa mchombo, mukokere m'kati ndi m'mwamba kasanu. Bwerezani zonse ziwiri uku wina akufuna galimoto.
- Khanda losakwana chaka musalikanikize pamimba. Ligonekeni chafufumimba pa mkono wanu mutu uli chotsika, mulimenye kasanu pamsana, kenaka mulitembenuze mukanikize pakati pa chifuwa ndi zala ziwiri kasanu.
- Musapise chala kum'mero ngati chinthucho simukuchiona.

## Galu wadya paketi ya chingamu

Werengani paketi nthawi yomweyo. Xylitol, amene kwa munthu alibe vuto lalikulu, kwa galu ndi poizoni. Amagwetsa shuga wa m'magazi, nthawi zina pasanathe ola limodzi, ndipo amatha kuwononga chiwindi. Galu amasanza, kudzandira, kufooka kapena kukomoka. Musadikire zizindikiro, funani dokotala wa ziweto ndipo mutenge paketiyo.

## Chingamu chosiyira fodya chikukuchititsani nseru

Cha nicotine, cha 2 mg kapena 4 mg, ndi mankhwala ndipo sichitafunidwa ngati chinzake. Nseru, chidikhodikho ndi kuwotcha pakhosi zimabwera chifukwa chotafuna mofulumira n'kumameza malovu ake. Tafunani pang'onopang'ono mpaka mumve kuyabwa, muchiike pakati pa tsaya ndi nkhama, kuyabwako kukatha mutafunenso, kwa mphindi pafupifupi 30. Musamwe khofi kapena zakumwa zowawasa mphindi 15 musanayambe. Odwala mtima ndi amayi oyembekezera afunse kaye achipatala. Mwana akachitafuna, pitani naye kuchipatala mosazengereza.

## Uthenga wa pa WhatsApp woti chingamu chimayambitsa khansa

Nkhaniyi imachokera pa aspartame, kapena E951, chotsekemeretsa chomwe amathira m'chingamu china. Mu Julayi 2023 nthambi yofufuza za khansa ya World Health Organization, IARC, inamuika m'gulu la 2B, la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa. Nthawi yomweyo komiti yoona za zothira m'zakudya, JECFA, inasiya mlingo wovomerezeka pomwe unali, 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku. Kwa munthu wolemera makilogalamu 60 ndiye 2,400 mg, pomwe chidutswa cha chingamu chimakhala ndi mamiligalamu ochepa chabe. Nsagwada ndi m'mimba zidzakuletsani kalekale musanayandikire mlingowo. Oyenera kumupewa kotheratu ndi obadwa ndi matenda osowa a phenylketonuria, ndipo n'chifukwa chake mapaketi amatchula phenylalanine, chinthu chopezeka mu aspartame chomwe matupi awo satha kuchigaya.

## Mukulephera kukhala osatafuna

Dzifunseni kuti chingamucho chikugwira ntchito ya chiyani. Ngati ndi njala, sichikupatsani mphamvu iliyonse. Nthochi ziwiri kapena mtedza wodzadza dzanja zimathandiza kuposa paketi yonse. Odwala shuga akumbukire kuti shuga akatsika, chopanda shuga sichingawadzutse, afunika chakumwa kapena chakudya cha shuga weniweni. Ngati ndi nkhawa, onani nthawi yomwe dzanja limapita m'thumba, ndipo ikamakusowetsani tulo kapena chilakolako cha chakudya kambiranani ndi achipatala.

Ngati ndi tulo, ndikupempheni madalaivala a msewu wa M1. Kutafuna kumagalamutsa kwa kanthawi kochepa, koma sikubweza tulo tomwe simunagone. Mukayamba kuyasamula motsatizana, maso kulemera, kapena osakumbukira mtunda womwe mwangodutsa kumene, imani pamalo otetezeka mugone mphindi 20 musanatsike Chiweta kapena kulowa m'nkhungu ya ku Chikangawa.

Amene mwayesa masiku 14 aja n'kupeza kuti mungapitirize, sankhani chopanda shuga, mukatha kudya, kwa mphindi zosapitirira 20, kawiri kapena katatu pa tsiku, mukusinthasintha mbali. Mukamaliza chikulungeni m'kapepala kake musanataye, kuti ana okwawa, nkhuku ndi agalu asachitole. Ngati mukukachitidwa opaleshoni ndipo akuuzani kuti musadye, funsaninso za chingamu. Ndipo popita kuchipatala ndi vuto lililonse mwa amenewa, tengani kabuku kanu ka kuchipatala, mapiritsi onse omwe mwakhala mukumwa, ndi paketi ya chingamucho kuti adokotala awerenge okha zomwe zilimo.